Akaweruka kusukulu, ana athu amapita kwa yani?

Pa 16 Juni chaka chilichonse maiko a mu Africa amakumbukira Tsiku la Mwana wa mu Africa. Mwambo wake tonse timaudziwa. Ana amavala yunifolomu zochapa bwino, amaguba atanyamula zikwangwani, amalakatula ndakatulo ndi kuchita sewero, ndipo mlendo wolemekezeka amalankhula mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka mahema amatsitsidwa, mipando imabwezedwa kumene inabwerekedwa, galimoto za akuluakulu nkunyamuka. M'mawa mwake mwana uja amapita kusukulu monga mwa masiku onse, amaweruka masana, ndipo kuyambira pamenepo kufikira mdima palibe wamkulu amene angalumbire kuti akudziwa kumene mwanayo ali. Lero tikufuna tilingalire za maola amenewa, apakati pa belu lomaliza la kusukulu ndi nsima ya madzulo.

Tsikuli linabadwa m'magazi. Pa 16 Juni 1976 ana a sukulu zikwizikwi a ku Soweto, m'dziko la South Africa, anatuluka m'makalasi kukana kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha Afrikaans chimene boma la tsankho linawakakamiza. Apolisi anawaombera. Mmodzi mwa oyamba kugwa anali Hector Pieterson, mnyamata wa zaka 12. M'chaka cha 1991 bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa, limene panthawiyo linkatchedwa OAU, linapatula tsikuli kuti likhale lokumbukira anawo ndi lofunsa za moyo wa ana amene alipo. Ku America nako, kuyambira m'chaka cha 2000, mwezi wa Okutobala uliwonse kumakhala tsiku lotchedwa Lights On Afterschool, lopempha kuti nyali za m'sukulu ndi m'malo osonkhanira ana zisazimitsidwe ana akaweruka. Kwathu kuno nyali si vuto, pakuti masana dzuwa limawala laulere. Chosowa ndi munthu wamkulu woti akhale nawo anawo.

Tiyeni titsikire ku Nkhata Bay, tikaime pamsika. Tawuniyi ndi yaing'ono, yopanikizika pakati pa mapiri ndi nyanja, ndipo njira zake zonse zimathera malo amodzi: pamsika, pokwerera minibasi ndi padoko. Amayi ayala usipa wouma ndi wofutsa, ufa wa kondowole, chinangwa, nthochi ndi tomato. Oitanira akukuwa za ulendo wa ku Mzuzu, mtunda wosakwana makilomita 50. Tsiku limene Ilala yakocheza, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, pamakhala piringupiringu wa matumba, mabokosi ndi anthu a ku Likoma, Chizumulu ndi Usisya. Dzuwa likangopendeka, pakati pa miyendo ya akuluakuluwo pamayamba kuoneka ana. Ena akadali m'yunifolomu. Uyu wasenza beseni la mandasi, uyo akugulitsa madzi ozizira, winayo akudikira kuti wina amutume katundu amupatse kangachepe. Ena aunjikana pakhomo pa kanyumba koonetsera kanema, ena akusuzumira m'nyumba za juga ya mpira, ndipo ena atsetserekera kugombe kumene asodzi akukonza makoka a chilimira kukonzekera ulendo wa usiku.

Tisafulumire kuweruza. Mwana wothandiza mayi ake kugulitsa pamsika sanachimwe, ndipo mayiyo si mfiti. Mabanja ambiri akuima ndi ndalama ya pabeseni lomwelo, ndipo mwana amene waphunzira kuwerenga chenji ndi kulonjera kasitomala mwaulemu wapeza nzeru imene m'kalasi mulibe. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma silinati mwana azikhala manja lende pakhomo pa makolo ake. Nkhawa yathu ili pena. Msika nawo umaphunzitsa, ndipo aphunzitsi ake sajomba. Mnyamata amene wathandiza kukoka khoka napatsidwa ndowa ya usipa, nkuigulitsa, wagwira m'manja ndalama imene mwina bambo ake sanaigwire sabata yonse. Mawa lake masamu a sitandade 6 amamveka ngati nthano. Akayamba kupita nawo panyanja usiku, m'kalasi amangosinza, ndipo teremu isanathe dzina lake limaitanidwa popanda woyankha. Mtsikana woyenda ndi beseni pakati pa amuna okhala ndi ndalama za nsomba amamva mawu amene sangakawabwereze kwa mayi ake. Pamakhala wina amene amagula mandasi onse nthawi imodzi nakana kulandira chenji. Ambiri a ife tikudziwa kumene chifundo chotere chimathera.

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18. Boma la Nkhata Bay lokha linali ndi anthu oposa 280,000. Kuyambira 1994, pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, makalasi anadzaza mpaka kusefukira pansi pa mitengo. Mphunzitsi amene wayang'anizana ndi khamu la ana sangadziwe kuti ndani wagona ndi njala, ndani wamenyedwa, ndani wataya mayi mwezi watha. Iye amayesetsa kumaliza silabasi. Belu likalira udindo wake watha, koma makolo akadali kumunda, panyanja, pamsika, kapena ku Joni.

Makolo athu akale anali ndi yankho pa maola amenewa. Anyamata ankakhala kumphala kapena kugowelo, atsikana kukuka kwa agogo. Kumphala mnyamata ankaphunzira kusoka ukonde, kusema mpini, kumvetsera milandu ndi kudziwa kuti munthu wamwamuna salankhula motani pamaso pa apongozi. Sankaphunzitsidwa ndi bambo ake okha. Mudzi wonse unkanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanali mawu okometsera pakamwa. Wamkulu aliyense anali ndi ufulu wodzudzula ndiponso udindo wodyetsa. Sitikunena kuti zonse za kumphala zinali zoyera, ayi. Koma mwana ankadziwika. Tawuni inabwera ndi nyumba za lendi, mipanda, ndi chizolowezi choti wodzudzula mwana wa mnzake amayankhidwa kuti abereke wake. Mphala inagwa ndipo pamalo pake sipanamangidwe kanthu.

Nkhata Bay ili ndi chifukwa china chochitira manyazi ndi ana ongoyendayenda, pakuti dera limeneli ndi limodzi mwa malo amene sukulu inazika mizu msanga m'dziko muno. M'chaka cha 1881 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anasamuka ku Cape Maclear nadzakhazikika ku Bandawe, ndipo Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri. Azungu anali owerengeka. Ntchito yaikulu m'midzi inkagwiridwa ndi anyamata amene anali atangophunzira kuwerenga, nabwerera kukaphunzitsa ang'ono awo. Mwa njira imeneyi m'mphepete mwa nyanjayi munatuluka anthu monga Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda a Livingstonia amene anadzozedwa mu 1914, ndi Clements Kadalie wa ku Chifira, amene mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la apantchito lotchedwa ICU limene linagwedeza South Africa. Aliyense wa iwo anali ndi wina wokulirapo amene anamugwira dzanja.

Chimene chimachitika ana akasowa pokhala tinachiona ndi maso m'chaka cha 2020. Sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Marichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ana anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Kafukufuku wa boma wa chaka chomwecho anapeza atsikana oposa 40,000 amene anatenga pathupi ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Mliriwo unadutsa, koma phunziro lake likadalipo. Tsiku lililonse la sukulu lili ndi masana ake opanda mwini, ndipo chaka chili ndi matchuthi atatu.

Boma silinangokhala. Kuchokera m'zaka zimene Edzi inasiya ana amasiye m'mudzi uliwonse, ofesi zoona za chisamaliro cha anthu, mothandizidwa ndi UNICEF ndi mabungwe ena, zakhala zikulimbikitsa mabwalo a ana amene amatchedwa Children's Corners. Awa ndi malo amene ana a zaka 6 mpaka 18 amakumana akaweruka kapena kumapeto kwa sabata, pansi pa mtengo, pabwalo la sukulu kapena patchalitchi. Amasewera, amaimba, amathandizana ntchito ya kusukulu, ndipo wamkulu wodzipereka amakhala nawo pansi nkumva zimene zikuwasautsa. M'boma la Nkhata Bay mulinso mabungwe amene agwira ntchito ndi ana kwa zaka zambiri, monga Ripple Africa cha ku Mwaya, imene ili ndi sukulu za mkaka ndi laibulale, ndi Temwa cha ku Usisya. Tiyenera kuthokoza. Komabe aliyense amene wakhalapo m'komiti ya m'mudzi akudziwa matenda a ntchito zodalira thandizo lochokera kutali. Polojekiti ikakhalapo pamakhala mipira, malaya olembedwa ndi maphunziro a kuhotela. Ikatha, wodzipereka uja amakumbukira kuti naye ali ndi ana ofuna kudya, ndipo bwalo limamera udzu.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikugogoda pakhomo la mpingo. Mpingo sudikira polojekiti. Unalipo mabungwe asanabwere ndipo udzakhalapo atapita. Uli ndi nyumba zofolera bwino, mabenchi, bwalo, zimbudzi, ndipo kawirikawiri mpopi kapena mjigo uli pafupi. Koma kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu nyumba zambirizi zimakhala zokhoma, kupatula tsiku la kwaya ndi la amayi a Umanyano, a Mvano kapena a Chigwirizano. M'mabenchi a Lamulungu mumakhala aphunzitsi opuma, anamwino opuma, akalipentala, atelala, asodzi odziwa nyanja ngati chikhatho chawo, ndi achinyamata amene alemba mayeso a Fomu 4 ndipo akungodikira zotsatira. Abale athu achisilamu anazindikira kale za masana: mwana wawo akaweruka amadziwa kuti madrasa ikumudikira. Ife tili ndi Sande Sukulu ya ola limodzi pa sabata, ndipo nthawi zina ola limenelo ndi longochotsera ana kuti asasokoneze ulaliki.

Chodabwitsa nchakuti Sande Sukulu yomweyo inayamba ngati yankho la ana a mumsewu. Mu 1780 Robert Raikes, mwini nyuzipepala wa mumzinda wa Gloucester ku England, anaona ana ogwira ntchito m'mafakitale akungosokosera m'misewu tsiku la Sabata, ndipo analemba amayi kuti aziwaphunzitsa kuwerenga. Mu 1841 wansembe Don Bosco anayamba kusonkhanitsa anyamata osowa pokhala mumzinda wa Turin ku Italy. Sanawadikire mtchalitchi. Ankawalondola kumsika wa Porta Palazzo ndi kumalo omanga nyumba, kusewera nawo, kuwaphunzitsa ntchito zamanja, mpaka kukambirana ndi mabwana awo kuti asamawazunze. Ana ake auzimu ali ndi sukulu ya ntchito zamanja ku Area 23 ku Lilongwe. Mu 1883 William Alexander Smith, mphunzitsi wa Sande Sukulu ku Glasgow amene anyamata osamva anamutopetsa, anayambitsa Boys' Brigade. Onsewa anayamba ndi ana amene anthu opemphera ankawatcha osokoneza. Magulu otere tili nawo: a Brigade, a Pathfinder a mpingo wa Seventh-day Adventist, a SCOM ndi a YCS m'sukulu, ma Scout ndi ma Girl Guide. Funso ndi lakuti amafikira mwana wa pabeseni la mandasi kapena amangotenga ana a akulu a mpingo amene angathe kugula yunifolomu.

Nkhani ya Yesu kudyetsa anthu zikwi zisanu ili m'Mauthenga Abwino onse anayi, koma ndi Yohane yekha, m'mutu 6, amene akutiuza kuti mikate isanu ndi nsomba ziwiri zija zinali za kamnyamata. Anthu a m'mbali mwa nyanja sangavutike kukaona m'maganizo: mwana ali ndi kaphukusi ka nsomba pakati pa khamu la akuluakulu, tsidya la nyanja ya Galileya, makolo ake osatchulidwa. Filipo anali kuwerengera ndalama zimene zikanafunika, ndipo masamu ake anali oona. Andreya ndi amene anadziwa kuti m'khamumo muli mwana ndiponso chimene wanyamula. Kuti adziwe zimenezo anayenera kuwerama ndi kulankhula naye. Andreya sanali ndi chikhulupiriro chachikulu tsiku limenelo. Iyenso anakayika ngati kaphukusiko kangathandize. Ntchito yake inali kumuona mwanayo ndi kupita naye kwa Ambuye. Mlangizi wa ana safunika kuposa pamenepo.

Eli, wansembe wa ku Silo, akutitonthoza mwa njira ina. Ana ake enieni, Hofeni ndi Finehasi, anamukanika. Komabe ndi iye amene anazindikira, usiku umene Samueli anathamangira kwa iye katatu, kuti mwanayo akuitanidwa ndi Mulungu, ndipo anamuuza mmene ayankhire. Alipo akulu pakati pathu amene amakana kuthandiza ana a ena chifukwa awo anasokera, ndipo amaopa kunenedwa. Mulungu anamulanga Eli chifukwa cha kulekerera kwake, koma sanamulande Samueli. Timoteo naye analeredwa m'chikhulupiriro ndi agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike, ndipo Paulo anadzangowonjezera pa maziko amene amayi awiriwa anamanga. Agogo a ku Nkhata Bay amene akulera zidzukulu za ana awo amene ali ku Johannesburg kapena kumanda akufuna Paulo wotere.

Pali chenjezo limene sitingalidumphe. Si wamkulu aliyense wokonda kukhala ndi ana amene ali ndi mtima wabwino, ndipo kuvala jekete la mkulu wa mpingo si umboni. Makhoti a dziko lino aweruzapo aphunzitsi, achibale ngakhale atsogoleri a mapemphero chifukwa chogwirira ana amene anawakhulupirira. Mawu oopsa kwambiri amene Yesu analankhula za olakwitsa ana, pa Mateyu 18, amatchula mwala wa mphero ndi nyanja yakuya. Tsono kalabu ya ana ikhale ndi malamulo kuyambira tsiku loyamba. Akulu azikhala awiri kapena kuposerapo, ndipo pakakhala atsikana pazikhala mayi. Zitseko zizikhala zotsekula. Mlangizi asaitanire mwana kunyumba kwake yekha, ngakhale kuli kumuthandiza masamu. Maina azilembedwa m'buku, makolo ndi amfumu azidziwa, ndipo ana azibalalika kusanade. Mwana akaulula kuti wina akumuchita zoipa, nkhaniyo si ya bwalo la mpingo kuti akaikambirane mwachinsinsi poteteza mbiri. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 lilipo, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116 imaimbidwa mwaulere.

Wina anena kuti zonsezi nzabwino, koma mayi wa pamsika sangalole kutaya manja a mwana wake masana onse. Akunena zoona, ndipo kalabu imene singamve zimenezi idzatsala ndi ana a anthu opeza bwino okhaokha. Nchifukwa chake oyambitsa ayenera kuyamba akhala pansi ndi komiti ya msika ndi ya kugombe, osati kungolengeza paguwa. Mwina mwana angabwere masana awiri pa sabata, masiku amene malonda ndi ozizira, osati tsiku la sitima. Mwina maola awiri akwanira. Ndipo tisadzinamize: mwana amene wachoka kusukulu m'mimba muli pululu sangakhale pansi kumvera za khalidwe labwino. Chinangwa chophika kapena phala la mgaiwa ndi mbali ya chiphunzitso. Mpingo umene umatha kusonkha matumba a simenti a nyumba ya abusa sungalephere thumba la chimanga pa mwezi.

Zochita sizisowa. Pali homuweki, imene ana ambiri alibe poilembera chifukwa kunyumba kulibe tebulo kapena nyali. Pali kuwerenga mokweza, m'Chitonga, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, pakuti mwana wa kuno amakula ndi malilime angapo ndipo lililonse ndi chuma. Pali mpira wa miyendo ndi wa manja; mipira ya mphira imene imagulitsidwa m'mbali mwa msewu cha ku Vizara si yodula. Akulu a malipenga ndi amayi a chilimika angaphunzitse magule a makolo, ndipo gule wa malipenga ali ndi mwambo wa ukhondo ndi kumvera umene mnyamata aliyense angapindule nawo. Msodzi wokalamba angafotokoze za mwera ndi mpoto, chifukwa chake ukonde wa udzudzu umapha nyanja, ndi chochita bwato likagubuduzika. Namwino wopuma angakambe za likodzo, za malungo, ndi za kusintha kwa thupi kumene makolo ambiri amachita nako manyazi. Pemphero ndi nyimbo zikhalepo, koma mwana wa mpingo wina kapena wa chipembedzo china asafunsidwe kalata ya ubatizo pakhomo.

Pa 16 Juni pakubwerapa, kuguba kuchitike ndithu, ndakatulo zilakatulidwe. Koma mwambo usanatsekedwe, mlembi wa mpingo kapena wa komiti ya msika atulutse kope, alembe maina a akulu amene alola kupereka masana amodzi pa sabata kwa chaka chathunthu, ndi dzina la amene azisunga kiyi. Sabata ya sukulu ili ndi masana asanu. Akulu akamakhala awiriawiri, pakufunika anthu khumi.